N'chifukwa chiyani anthu a mtundu wina amaoneka ofanana?

Funso: Ndikaona Matchaina ogwira ntchito yomanga misewu, onse amaoneka ngati mapasa. Ndamvanso kuti azungu amanena zomwezo za ife anthu akuda. Kodi zimenezi zimachokera kuti?

Yankho: Nkhope zawo n'zosiyana monga momwe zathu zilili. Vuto lili m'mutu mwa woonayo, ndipo limayamba adakali khanda. Ubongo susunga nkhope ngati chithunzi cha pachiphaso. Katswiri wa ku Britain, Tim Valentine, anafotokoza mu 1991 kuti ubongo umapanga nkhope yapakatikati kuchokera kwa anthu onse amene munthu wawaonapo, ndipo nkhope yatsopano imakumbukiridwa potengera pamene yasiyana ndi yapakatikatiyo: mphuno yotambalala pang'ono, maso otalikirana, chibwano chosongoka. Ndiye ngati muyeso wanuwo unapangidwa ndi nkhope za kwanu zokha, nkhope zachilendo zonse zimasiyana nawo mofanana, n'kuunjikana pamalo amodzi. Zili ngati mbuzi za m'khola la mnzanu: inu mumangoona mbuzi, mwiniwake amadziwa iliyonse.

Umboni wamphamvu ndi wa makanda. Mu 2007 David Kelly ndi anzake anapeza kuti makanda achizungu a miyezi itatu ankatha kusiyanitsa nkhope za azungu, za anthu akuda ndi za Matchaina, koma pofika miyezi 9 ankasiyanitsa za azungu zokha. Chodabwitsa kuposa apa chinatuluka mu 2002, pomwe Olivier Pascalis anaonetsa kuti khanda la miyezi 6 limasiyanitsa nkhope za anyani awiri, chinthu chimene la miyezi 9 limalephera. Mwana amabadwa wokonzekera nkhope iliyonse, kenako ubongo umaika mphamvu pa nkhope zimene zimamuweramira tsiku ndi tsiku, zinazo n'kuzitaya.

Wina anganene kuti zimenezi zili m'magazi, kuti mtundu uliwonse umabadwa wodziwa wake. Zikanakhala choncho, ana a ku Korea amene analeredwa ndi mabanja achizungu ku Ulaya akanakula akuzindikira bwino nkhope za kwawo. Koma kafukufuku wa mu 2005 anapeza zosemphana: anawo, omwe anachoka kwawo ali ndi zaka zapakati pa 3 ndi 9, atakula ankakumbukira bwino nkhope za azungu kuposa za anthu a ku Asia. Winanso angati ndi tsankho chabe, munthu sasamala za anthu amene sawawerengera. Apa pali choonadi pang'ono, ngakhale khanda la miyezi 9 silidziwa tsankho. Ku Zimbabwe, Patrick Chiroro ndi Valentine yemweyo anapeza mu 1995 kuti anthu akuda ozolowerana ndi azungu ankazindikira bwino nkhope za mitundu yonse iwiri, pomwe azungu ozolowerana ndi akuda sanapindule chimodzimodzi. Kukhala pafupi ndi anthu pakokha sikukwanira. Pamafunika kuwayang'ana monga munthu payekhapayekha, ndipo kawirikawiri amene amachita zimenezo ndi amene moyo wake ukudalira kudziwa kuti uyu ndi ndani.

Mumsewu nkhaniyi imathera m'kuseka ndi kupepesa, koma kukhoti imalanda munthu ufulu. Mu 1984 ku North Carolina, m'dziko la America, mtsikana wachizungu Jennifer Thompson anagwiriridwa, ndipo mkati mwa zoopsazo anayesetsa dala kuloweza nkhope ya womuchita chipongweyo. Analoza Ronald Cotton, mwamuna wakuda, ali wotsimikiza ndi mtima wonse. Cotton anakhala m'ndende zaka zoposa 10 mpaka mu 1995, pomwe kuyeza DNA kunaonetsa kuti wolakwa anali Bobby Poole. Mayiyo sananame. Anali atamuonaponso Poole m'khoti, n'kunena kuti munthu ameneyo sanamuonepo chibadwire.