Kwanu N'kuti? Zimene Nthaka ya Lilongwe Imayankha

1. Funso la m'tauni

Mu Lilongwe anthu awiri akangopatsana moni, funso silichedwa: "Kwanu n'kuti?" Munthu wobadwira ku Area 47 n'kukulira konko sanena kuti kwawo ndi ku Area 47. Amatchula Mzimba, Mangochi, Thyolo kapena Kasiya. Pocheza funsoli lilibe vuto. Koma pa nthawi ya chisankho, pa mkangano wa puloti kapena pofuna ntchito, limagawa anthu pawiri: eni nthaka ndi obwera. Mfundo ya phunziroli ndi yakuti mbiri yakale ndi zinthu zofukulidwa pansi sizivomereza kugawa kotereku. Zimaonetsa kuti m'chigawo chino mtundu uliwonse unachita kubwera, ndipo unapeza anthu ena.

2. Mzinda wa manambala

Lilongwe anayamba ngati boma laling'ono la atsamunda kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe. Dziko litalandira ufulu, boma la Dr Kamuzu Banda linaganiza zochotsa likulu ku Zomba. Mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, ndalama zoyambira zinabwerekedwa ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Malo amene akatswiri anawadula n'kuwapatsa manambala sanali tchire lopanda anthu. Panali midzi, minda, madambo ndi manda, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwa. Choncho dzina lakuti Area 47 ndi laling'ono msinkhu kuposa agogo ambiri amene akuwerenga phunziroli. Mtsinje wa Lingadzi, umene umadutsa pakati pa Area 47 ndi Mtandire, ndiwo wasunga dzina lakale.

3. Dzala la ku Mankhamba

Wina anganene kuti, "Basi, ndiye kuti eni ake ndi Achewa a m'midzi imene inasamutsidwa ija." Pa nkhani ya minda ndi manda awo, iwo ndi enidi, ndipo kudandaula kwawo n'komveka. Koma Achewa eniakewo amasimba kuti makolo awo anachokera ku Uluwa, dziko limene lero lili ku Congo. Amati a Banda ndiwo anatsogola, a Phiri n'kubwera pambuyo ndi mfumu yawo Kalonga. A Samuel Ntara analemba zimenezi m'buku la Mbiri ya Achewa. Likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, ndipo kumeneko Dr Yusuf Juwayeyi anakafukula n'kusindikiza zimene anapeza mu 2020. Wofukula zakale amakonda dzala, chifukwa munthu amatha kukometsa nkhani ya makolo ake koma sakometsa zinyalala. Amapala dothi pang'onopang'ono, kulisefa, n'kulemba kuya kumene chinthu chilichonse chapezeka. Chimene chili pansi kwambiri ndicho chakale. Makala a pamoto amatumizidwa kokayezedwa kuti zaka zake zidziwike. Ku Mankhamba kunatuluka mapale a miphika, mafupa a nyama, makasu ndi zitsulo zina, zibangili za minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa, mikanda yagalasi, ngakhalenso tizidutswa ta mbale zochokera ku China. Mkuwa ndi mikanda yoteroyo sizinkapangidwa ku Mtakataka. Zinayenda ndi anthu, kuchokera kumadzulo ndi ku Nyanja ya India, zaka mazana angapo Livingstone asanaone Nyanja ya Malawi mu 1859. Ufumu wa Kalonga, wotchedwa Maravi, unakula chifukwa chosinthana katundu ndi alendo. Mayi amene lero amakapikula katundu ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg sakuchita chachilendo.

4. Amene Achewa anawapeza

Achewa amanenanso kuti anapeza anthu aafupi, alenje, otchedwa Akafula kapena Amwandionerapati. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi za alenjewo. Zoyera ndi za alimi, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau. Pamiyala ina zoyera zinajambulidwa pamwamba pa zofiira. Ofukula zakale apeza kuti alimi odziwa kusula chitsulo anafika m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndi kuti alenje ndi alimi anakhala moyandikana kwa zaka mazana ambiri. Apa tisanamizane kuti zonse zinatha bwino. Mu 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza poyeza DNA ya mafupa akale a ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ndi ku Chencherere. Ena mwa mafupawo anali a zaka pafupifupi 8,100. Anapeza kuti magazi a alenje akalewo sakuoneka kwenikweni mwa Amalawi a lero amene anayezedwa. Anthu amene akanayenera kunena kuti "ife ndife oyamba" palibenso.

5. Mafunso a otsutsa

Ena amati, "Agogo athu anatiuza kale zonsezi, kukumba n'kwa chiyani?" Zoona, nkhani za agogo ndizo zinasunga dzina la Mankhamba ndi la kachisi wa mvula wa Makewana ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama. Popanda izo wofukula sakanadziwa kolowera. Koma nkhani ya pakamwa siisunga chaka, ndipo nthawi zambiri imakometsa mbali ya banja limene lili pampando. Njira ziwirizi zimathandizana. Angoni ankasimba kuti tsiku limene mfumu yawo Zwangendaba inaoloka Zambezi kunada masana. Akatswiri a zakuthambo anawerengera n'kupeza kuti kadamsanayo anachitika mu November 1835. Enanso amati mbiri imadzutsa chidani, chifukwa imakumbutsa nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo. Mantha amenewa ali ndi maziko. Komabe chidani chimakula pamene munthu auzidwa mbali imodzi yokha. Wodziwa nkhani yonse amadziwanso kuti Angoni ambiri a ku Ntcheu ndi Dedza lero amalankhula Chichewa chifukwa anakwatirana ndi Achewa. Mawu akuti "mbiri siidyedwa" ndi oona ndithu, koma mlandu wa ufumu kapena wa malire ukafika kubwalo, aliyense amathamangira mbiri yomweyo, ndipo wopanda umboni amagonja.

6. Pokumba maziko

Umboni umenewu ukutha msanga. Mzinda ukukula kulowera ku Area 49, Area 25 ndi Chinsapo, ndipo malo amene kale anali mabwinja akusanduka mapuloti ndi maenje a njerwa. Phale likachotsedwa pamalo pake n'kutayidwa pamulu wa dothi, silinganenenso zaka zake. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale zotere, ndipo dipatimenti ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi zipilala ndiyo imaziyang'anira. Mmisiri kapena waganyu akapeza mapale ambiri okhala ndi zokongoletsa, mikanda, zotsalira za ng'anjo kapena mafupa a munthu, asiye kukumba pamalopo, asasunthe kanthu, ndipo adziwitse mwini puloti, mfumu ya m'deralo ndi dipatimentiyo. Akakhala mafupa a munthu, apolisi nawonso ayenera kuuzidwa.