Nyengo ya chilimwe pa Nyanja ya Malawi ndi zovala zoyenera pa ulendo wa sitima wopita kumpoto

Wogwira ntchito m'boma amene wakhala zaka zambiri m'mapiri a tiyi ku Thyolo, monga m'dera la Mfumu Nsabwe, akalandira kalata yomusamutsira ku Likoma kapena yomutuma kukayendera sukulu ndi zipatala za ku Usisya, amayamba ndi kuwerengera ndalama za ulendo. Za zovala amaziganizira pomaliza, ndipo kawirikawiri amalongedza zomwe anazolowera kwawo. Ena amati popeza kunyanja nkotentha, malaya amodzi opepuka ngokwanira. Ena amanyamula suti, tayi ndi nsapato zachikopa, poti akupita kuntchito. Onsewa amakumana ndi mavuto asanafike kumene akupita, chifukwa pa sitima munthu amakumana ndi nyengo zitatu m'tsiku limodzi: dzuwa loswa mtengo masana, mphepo yozizira usiku, ndi madzi pa nthawi yotsika.

Sitima ndi njira yake

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo chakumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Sitima yodziwika kwambiri pa nyanjayi ndi Ilala, yomwe inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1949, nibwera m'zidutswa zomwe zinalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Ndi yotalika mamita pafupifupi 52. Dzina lake inatengera sitima ya amishoni a Livingstonia imene inafika pa nyanjayi mu 1875, ndipo dzinalo ndi la dera la m'dziko la Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873.

Kwa zaka zambiri Ilala yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, nkudzera ku Nkhotakota, pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, ku Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe, mpaka kukafika ku Chilumba m'boma la Karonga Lamulungu. Masiku ndi madoko zimasintha, makamaka sitima ikapita kokakonzedwa, choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi ya padoko musananyamuke ku Thyolo. Chofunika kudziwa nchakuti wopita kumpoto kwenikweni amagona pamadzi usiku umodzi kapena uwiri, ndipo katundu akachuluka padoko sitima imachedwa maola ambiri.

Kusiyana kwa Thyolo ndi kunyanja

Minda yambiri ya tiyi ku Thyolo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Akatswiri a zanyengo amati munthu akamatsika mamita 1,000, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6. Nchifukwa chake munthu wonyamuka ku Thyolo m'bandakucha atavala juzi amayamba kuivula akamafika ku Liwonde, ndipo pofika ku Mangochi thukuta limakhala lili kamukamu.

Chaka cha m'dziko muno chili ndi nyengo zitatu. Dzinja, nyengo ya mvula, limayamba cha mu Novembala mpaka mu Epulo. Nyengo yozizira imayamba mu Meyi mpaka mu Ogasiti, ndipo iyi ndi nthawi imene anthu a ku Thyolo ndi Mulanje amavutika ndi chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu yomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chilimwe chenicheni chotentha chimayamba mu Sepitembala mpaka mvula yoyamba itagwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa masana m'mphepete mwa nyanja kumapitirira madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse, ndipo usiku kumtunda kwa gombe sikuzizira kwenikweni.

Pakati pa nyanja zinthu nzosiyana. Sitima ikamayenda imadzipangira mphepo yakeyake, ndipo palibe mtengo kapena khoma lotchinga. Pakati pa usiku ndi m'bandakucha, munthu wogona pamwamba pa sitima amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, makamaka ngati zovala zake zanyowa ndi thukuta la masana kapena ndi madzi owaza a mafunde.

Mphepo za panyanja

Asodzi amazidziwa mphepo za panyanja ndi mayina, ndipo waulendo amapindula akawadziwa mayinawo.

Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa. Imaomba kwambiri kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, koma imatha kubweranso mu Sepitembala. Popeza imaomba motsata kutalika kwa nyanja, mafunde amakula akamapita kumpoto, ndipo imatha kukhala masiku angapo osaleka. Mpweya wozizira umene umabweretsa chiperoni ku Thyolo ndi womwewonso umautsa mwera panyanja. Munthu wa kwa Nsabwe akaona chiperoni chatseka mapiri pa tsiku lonyamuka, adziwe kuti kunyanja mwina kuli mafunde.

Mpoto ndi mphepo yochokera kumpoto, ndipo imabwera ndi nyengo ya mvula. Vuma imachokera kum'mawa, pamene zambwe imachokera kumadzulo. Chakumapeto kwa chilimwe, mitambo ikayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a Viphya ndi Nyika, namondwe amatha kutsikira panyanja mwadzidzidzi, nyanja imene inali bata nkusanduka yolusa pa nthawi yochepa.

Mbiri ya nyanjayi ili ndi chenjezo lake. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira chifukwa cha namondwe kufupi ndi gombe la kumpoto lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Florence Bay, m'dera la Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza pa wailesi za mphepo ya mwera ikamayembekezeka, ndipo chenjezo lotere siloyenera kulinyozera.

Za mvula, kummwera imayamba msanga. Chizimalupsa chimatha kugwa ku Thyolo mu Okutobala kumpoto kukadali kouma, koma kumpoto mvula imachedwa kutha. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, nchifukwa chake tiyi amalimidwanso kumeneko ku Kawalazi, ndi mitengo ya mphira ku Vizara. Woyenda mu Malichi kapena mu Epulo ayembekezere mvula yamphamvu m'derali.

Zovala za masana

Nsalu ya thonje ndiyo yabwino, chifukwa imamwa thukuta ndi kulola mphepo kudutsa. Nsalu za nayiloni zimamatirira pathupi ndi kuyambitsa zotupatupa zoyabwa. Zovala zikhale zotakasuka, za mtundu wowala monga zoyera kapena zotuwa, pakuti zakuda zimakoka kutentha.

Ambiri amaganiza kuti kukatentha mpofunika malaya a manja aafupi, koma panyanja malaya opepuka a manja aatali ndiwo amateteza bwino. Dzuwa limaomba kuchokera kumwamba, kuwala kwake nkubwereranso kuchokera pamadzi, ndipo popeza mphepo imaziziritsa khungu, munthu sazindikira msanga kuti akupsa. Chipewa chikhale cha mlomo waukulu ndiponso cha chingwe chomangira kukhosi, apo ayi mphepo idzachiponya m'madzi. Magalasi a dzuwa amathandiza amene maso awo amavutika ndi kuwala. Anthu a khungu lachialubino asamale koposa: aphimbe manja, khosi ndi makutu, adzole mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo akhale pamthunzi dzuwa likakhala paliwombo.

Suti ndi tayi zisungidwe m'chikwama kufikira tsiku la msonkhano. Pa sitima pamakhala mafuta a injini, dzimbiri, matumba a chimanga, simenti, madengu a usipa ndi nkhuku, ndipo palibe chovala chimene chimatsika monga mmene chinakwerera.

Zovala za usiku

Apa mpamene chizolowezi cha munthu wa ku Thyolo chimamuthandiza. Juzi imene amavala m'mawa popita kuntchito asaisiye kunyumba. Pamwamba pa juziyo pafunika jekete yopepuka yosalowa mphepo, kapena lenikoti. Zovala ziwiri kapena zitatu zopyapyala zimaposa chijasi chimodzi cholemera, chifukwa munthu amatha kuwonjezera kapena kuchotsa malinga ndi nthawi.

Zoyenera kunyamula zimadaliranso malo amene munthu walipira. Ilala ili ndi zipinda zogona zochepa, malo apamwamba opanda makoma, ndi malo apansi a mtengo wotsika. Wa pamwamba amagona panja, choncho afunika bulangete, mpango wa kumutu kapena chisoti, ndi sokosi. Wa pansi amavutika ndi kutentha ndi kuthinana, ndipo kwa iye chovala chopepuka, chitenje choyala ndi botolo la madzi akumwa nzofunika kuposa bulangete. Komabe naye asasiye juzi, chifukwa sitima imafika pa madoko ena usiku, ndipo kudikira pagombe kapena m'boti pa nthawi yoteroyo nkozizira.

Pali chinthu chinanso chimene mlendo wa kumapiri amadabwa nacho. Ku Thyolo nkhungu ndi utsi wa madzi wophimba mapiri, koma kunyanja nkhungu ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka tomwe timatuluka m'madzi tambirimbiri, nkumaoneka patali ngati utsi wa moto wolusa. Sitiluma, ndipo anthu a m'mphepete mwa nyanja amatigwira nkupanga ndiwo, koma sitima ikadutsa pakati pake timalowa m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa. Mpango kapena chitenje chophimba kumaso chimathandiza.

Udzudzu suvuta sitima ikakhala pakati pa nyanja, koma padoko ndi kumtunda ulipo wambiri, ndipo malungo ngofala m'maboma onse a m'mphepete mwa nyanja. Madzulo muvale buluku ndi malaya a manja aatali, ndipo neti ikhale m'gulu la katundu wanu ngati mukagona kumudzi.

Pokwera ndi potsika

Nthawi imene zovala zimayesedwa kwenikweni ndi yotsika. Pa malo monga Usisya ndi Ruarwe sitima siifika kumtunda. Imaima patali, ndipo anthu amatsikira m'maboti aang'ono podzera pa makwerero, pakati pa khamu ndi katundu, nthawi zina mumdima. Boti likafika kugombe, munthu amatsikira m'madzi ofika m'mawondo kapena kupitirira apo.

Pa chifukwa ichi nsapato zachikopa ndi zazitali zidendene sizoyenera. Patapata amaterera pa chitsulo chonyowa ndipo amavuka m'madzi. Jombo za m'munda wa tiyi nzoopsa, chifukwa zikadzaza madzi zimalemera ndi kulepheretsa munthu kusambira. Zabwino ndi nsapato za mphira kapena za pulasitiki zokhala ndi lamba wa kuchidendene. Abambo avale buluku losavuta kupinda. Amayi ambiri amavala buluku kapena kabudula wamtali mkati, nkumanga chitenje pamwamba, kuti akwere makwerero momasuka ndi mwaulemu. Wobereka mwana amange mbereko molimba ndipo manja ake onse awiri akhale opanda kanthu.

Chikwama chobereka kumsana chimaposa sutikesi. Makalata a boma, chiphaso cha unzika, ndalama, mankhwala, foni ndi kompyuta zikulungidwe m'majumbo awiri, ndipo zovala zosinthira zikhale m'jumbo yakeyake. Mayeso a ana a sukulu, mabuku a kaundula kapena malisiti a ndalama za boma zikanyowa, ulendo wonse wapita pachabe, ndipo woyankha mafunso ndi amene ananyamula. Tochi yaing'ono ikhale m'thumba.

Mukangokwera sitima, funsani ogwira ntchito kumene kuli majekete oyandamitsa munthu pamadzi, ndipo muphunzire kamangidwe kake kukadali bata. M'boti laling'ono, jekete yotere ikapezeka muivale pamwamba pa zovala zonse. Boti likaoneka kuti ladzaza mopitirira muyeso, dikirani ulendo wachiwiri.

Pomaliza, madzi osaya a m'mabango ndi m'malo mokhala anthu ambiri amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Musakhalitse m'madzi oterowo, mudzipukute msanga mukatuluka, ndipo mukaona magazi m'mkodzo patapita masabata angapo, pitani kuchipatala.

Mndandanda wa katundu wa ulendo wa chilimwe

Malaya athonje awiri kapena atatu, amodzi a manja aatali; buluku lopepuka; juzi imodzi ndi jekete yosalowa mphepo; chipewa cha chingwe; zitenje ziwiri; bulangete lopepuka; nsapato zosaopa madzi; zovala za kuntchito zokulungidwa bwino; neti, tochi, majumbo ndi botolo la madzi. Amene amachita chizungulire ndi nseru pa mafunde afunse uphungu kuchipatala asananyamuke, adye chakudya chochepa, ndipo akhale chapakati pa sitima pomwe kugwedezeka kumachepa.

Woyenda m'miyezi ya Juni ndi Julaye awonjezere zovala zofunda, pakuti mwera pa nthawiyo amakhala pachimake. Woyenda m'dzinja aike lenikoti pamwamba pa katundu. Ambulera siithandiza pa mphepo ya panyanja.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ogwira ntchito pa sitima, asodzi a pagombe ndi anzanu a m'maofesi a boma ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amaidziwa nyanja ya sabata imeneyo kuposa buku lililonse. Imbani foni kwa iwo tsiku limodzi musananyamuke ku Thyolo, mumvere za nyengo pa wailesi, kenako mulongedze chikwama.