Yehova kapena Chauta? Phunziro la ku Neno

Lero tibwerere m'mbuyo pang'ono, pakuti pali mkangano umene wagawanitsa abale m'mabanja: dzina loona la Mulungu ndi liti?

Amishonale asanafike kuno, makolo athu sanali osadziwa kuti kuli Mlengi. Ankamutchula Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza. Mvula ikakana, akuluakulu ankapita kukachisi ndi ufa ndi mowa, n'kupempha kudzera mwa mizimu ya makolo. Dzina analidziwa, koma njira yofikira kwa Mwini dzinalo inali isanawaululikire.

M'chaka cha 1906 ansembe a Katolika a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Neno. Mu 1908 a Seventh-day Adventist anayamba ntchito ku Matandani, motsogozedwa ndi Samuel Konigmacher. Taganizani, abale anga! Dera limodzi, mishoni ziwiri. Awa akuliza belu Lamulungu, awo akuti ayi, tsiku lopuma ndi Loweruka. Awa akubatiza khanda pothira madzi pamutu, awo akumiza wamkulu m'madzi. Onse akutchula Yesu mmodzi. Munthu wa m'mudzi analandira uthenga utavala kale malaya a mpingo umene unaubweretsa.

Kenako Mawu anadza m'chinenero chathu. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, pamodzi ndi aphunzitsi a kuno kwathu. M'menemo dzina la Mulungu wa Israele analilemba kuti Yehova. Akatolika anatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966. Ndiye mu 1998 kunabwera Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, ndipo pamalo pa Yehova anaikapo Chauta. Apa m'pamene panavuta. Ena anati, “Iyayi, limenelo ndi dzina la kunsembe, lisalowe m'tchalitchi!”

Tamverani bwino tsono. M'Chihebri dzina limene Mose anauzidwa pa chitsamba choyaka moto, pa Eksodo 3, limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH. Ayuda, poliopa, analeka kulitchula. Akafika pamenepo powerenga ankati Adonai, ndiko kuti Ambuye. Katchulidwe kakuti Yehova kanadza pambuyo pake, anthu ataphatikiza zilembo zinayi zija ndi mavawelo a Adonai. Mukundimva? Ngakhale Yehova amene timamufuula m'mapemphero a usiku wonse anatifika kudzera m'mwambo wa mpingo. Ndipo mawu akuti Mulungu, amene palibe amakangana nawo, sanachokere ku Yerusalemu. Ndi mawu a makolo omwewo.

Kodi pamenepa ndiye kuti zonse n'zololedwa? Ayi ndithu. Pa Machitidwe 17 Paulo ali ku Atene anayambira pa guwa limene anthuwo anali nalo kale, koma sanawasiye pomwepo: anawalalikira kulapa ndi kuuka kwa akufa. Pa Marko 7 Yesu anadzudzula Afarisi chifukwa miyambo yawo inaphimba lamulo la Mulungu. Chikhalidwe chimatipatsa chinenero, mpingo umatipatsa njira imene ena anadutsamo, koma muyeso ndi Malemba. Chauta wa m'Baibulo safuna ufa wa pakachisi. Nsembe inaperekedwa kamodzi pa Gologota. Aleluya!

Ndipo ife Apentekoste tisadzinamize kuti tilibe miyambo. Tinafika mochedwa, tinapeza Baibulo ena atamasulira kale, nyimbo ena ataimba kale. Lero tili ndi zathuzathu: madzi odzozedwa, mafuta a m'kabotolo, mpando wapadera wa “papa”. Ngati ukudzudzula agogo chifukwa cha chithumwa cha m'chiuno, iwe n'kumagona ndi kabotolo kunsi kwa pilo, kusiyana kwake kuli pati? Muyeso umene tayesera Chauta uyesenso zimenezi.

Choncho, mbale wanga, usakane kudya nsima ndi mlongo wako chifukwa Baibulo lake likuti Chauta pamene lako likuti Yehova. Tsegulani mabuku onse awiri, muwerenge ndime imodzi, muone ngati sakukulozerani kwa Khristu yemweyo.

Tiyeni tiweramitse mitu, tipemphere.