Kodi misala ya ng'ombe inachokera kuti?

FUNSO: Achimwene anga amene anakhalako ku Britain amati nthawi ina anthu kumeneko ankaopa nyama ya ng'ombe chifukwa cha matenda otchedwa misala ya ng'ombe. Kodi matendawa anayamba bwanji? Kapena ndi chiwewe chomwechi timachiona kwa agalu kuno? Ndine wowerenga wanu wa ku Ntcheu.

YANKHO: Ayi bambo, si chiwewe. Chiwewe chimabwera ndi kachilombo kamene kamalowa m'thupi galu wodwala akaluma. Misala ya ng'ombe, imene madokotala a ziweto amaitcha BSE, ilibe kachilombo. Imayamba ndi puloteni ya m'thupi momwemo imene yapindika molakwika. Puloteni yotere ikakhudzana ndi inzake yabwinobwino imaipindanso, mpaka ubongo umadzaza timabowo ngati chinkhupule. Wasayansi wa ku America, Stanley Prusiner, ndiye anaitcha prion, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1997 chifukwa cha ntchitoyi.

Matendawa anadziwika ku Britain mu 1986. Ng'ombe yofatsa ya mkaka inkayamba mantha, kudzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, kumenya mateche poikama. Kenako inkadzandira, miyendo yakumbuyo ikuterereka, mpaka kugwa osadzukanso.

Chimene chinafalitsa matendawa chimandipweteka mtima ndikachiganiza. Ng'ombe ndi nyama ya msipu. Koma pofuna mkaka wochuluka pa mtengo wotsika, makampani ankatenga zotsala za kumalo ophera nyama, monga mafupa, matumbo ndi ubongo wa nkhosa ndi ng'ombe, n'kuziphika, kuziumitsa, kuzigaya ndi kuzisakaniza mu chakudya cha ziweto. Ng'ombe zinkadya ng'ombe zinzake. Prion safa ndi moto wophikira, choncho ng'ombe imodzi yodwala inkakathera m'matumba ambirimbiri opita m'makola osiyanasiyana. Ndipo poti zizindikiro zimaoneka patatha zaka zinayi kapena zisanu, mlimi ankazindikira zinthu zitaipa kale. Boma linaletsa chakudyachi mu 1988, komabe mliri unafika pachimake mu 1992, pamene ng'ombe pafupifupi 37,000 zinapezeka ndi matendawa m'chaka chimodzi. Zonse pamodzi zinaposa 180,000, ndipo zoposa 4 miliyoni zinaphedwa pofuna kuthetsa mliriwo.

Kwa zaka zingapo akuluakulu aboma ankauza anthu kuti nyama ili bwinobwino. Mu 1990 nduna ya zaulimi, John Gummer, anafika popatsa mwana wake wamkazi baga ya nyama ya ng'ombe pamaso pa atolankhani. Ine ndimaona kuti apa ankaganizira msika kuposa anthu odya. Pa 20 Malichi 1996, nduna ya zaumoyo, Stephen Dorrell, anauza nyumba ya malamulo kuti matenda atsopano a ubongo mwa anthu, otchedwa vCJD, ayenera kuti anachokera ku nyama ya ng'ombe zodwala. Mwezi womwewo bungwe la European Union linaletsa Britain kugulitsa nyama ya ng'ombe kunja, ndipo chiletsocho chinachotsedweratu mu 2006.

Ambiri amene anadwala vCJD anali achinyamata, ena asanakwanitse n'komwe zaka 20. Munthu ankayamba ndi nkhawa ndi kusokonezeka maganizo, moti ena ankatengeredwa kaye kwa madokotala a matenda amisala. Pambuyo pake ankalephera kuyenda, kulankhula ngakhale kumeza. Mankhwala ochiza palibe mpaka lero. Ku Britain kunamwalira anthu 178, ndipo ochepa mwa iwo anatenga matendawa kudzera m'magazi amene anawaika kuchipatala.

Mliriwu unachepa kwambiri ataletsa chakudya chija komanso atalamula kuti ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zizichotsedwa ng'ombe ikaphedwa, chifukwa ndi mmene prion amachuluka. Inuyo mukaona ng'ombe yanu ikuchita zachilendo, ikuchucha dovu kapena kulusa, ganizirani kaye za chiwewe. Musaiphe kuti mugawane nyama, itanani alangizi a ziweto.