Mbiri ya Mawu Onena za Munthu Wokwiyakwiya m'Chiyankhulo cha Chiayirishi

Pamene bungwe la Conradh na Gaeilge linakhazikitsidwa mu 1893, Chiayirishi chinali chitazilala kwambiri. Njala yaikulu imene inayamba mu 1845 inapha ndi kusamutsa anthu ochuluka, ndipo otsalawo anayamba kutsamira pa Chingerezi. Akatswiri anaopa kuti mawu a tsiku ndi tsiku, monga onena za khalidwe la munthu, adzapita kumanda pamodzi ndi okalamba.

Mawu onena za munthu wokwiyakwiya ndi chitsanzo chabwino, pakuti aliwonse ali ndi chithunzi chakechake. "Colgach" anachokera ku "colg", kutanthauza lupanga kapena ndevu zobaya za ngala ya barele. Ameneyu ndi munthu wolusa ukangomukhudza. "Teasaí" anachokera ku "teas", kutentha, ndipo amanena za munthu wa mtima wapachala. "Cancrach" anachokera ku "cancar", chilonda chonyeka. Uyu ukali wake ndi wokhalitsa. "Crosta" anachokera ku "cros", mtanda, ndipo kawirikawiri amanenedwa kwa mwana wovuta. "Cantalach" ndi munthu wonyinyirika, wosasangalatsika. Ngakhale "dris", chitsamba chaminga, ndi dzina la munthu wovuta kukhala naye.

Bambo Patrick Dinneen, wansembe wa ku Kerry, anasonkhanitsa mawu ambiri otere mu mtanthauziramawu wawo wa 1904, umene anaukulitsa mu 1927. Kalembedwe ka nthawiyo kanali ndi malembo ambiri osatchulidwa. Boma linakonza kalembedwe mu 1945 ndi 1947, kenaka mu 1958 linasindikiza malamulo otchedwa An Caighdeán Oifigiúil. Dzina la chiyankhulocho, lolembedwa "Gaedhilge" pa buku la Dinneen, linasanduka "Gaeilge".

Funso linali lakuti: kodi kalembedwe kamodzi kadzafunanso liwu limodzi pa tanthauzo lililonse? Zigawo za Munster, Connacht ndi Ulster zili ndi kayankhulidwe kosiyana, ndipo kusankha liwu limodzi kukadataya ena. Mtanthauziramawu wa Niall Ó Dónaill wa 1977 unayankha funsoli: unatsata kalembedwe katsopano, koma mawu onse atchulidwawa unawasunga, aliwonse ndi tanthauzo lake.

Choncho kukonza kalembedwe ndi kuchepetsa mawu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Chifukwa chakuti yachiwiriyo sinachitike, mlembi wa Chiayirishi lero akhoza kusiyanitsa munthu wopsa mtima kwa kanthawi ndi uja wokhala ndi ukali moyo wake wonse.