BOTI LA ABABA LISAPITE KU NKHUNI

Anzanga a kuno ku Malindi, a ku Lungwena, a kwa Makanjira, ndi inu a kutsidya ku Namiasi ndi ku Nkope, ndabweranso. Ya lero ndi yaitali, amene bandulo yanu yatsala pang'ono mudikire usiku.

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti chigoba chili pansi pa mtengo wa mango kugombe kwathu chija ndikulimbana nacho chifukwa chiyani. Ena mpaka kundiseka kuti ndikufuna kukhala Nowa. Lija ndi boti la malemu ababa. Analikhometsa mu 1987, ine ndisanabadwe. Matabwa ake ndi a mlombwa, nthiti za mbawa. Injini silinaionepo. Linkayenda ndi nkhafi zinayi ndi thanga limodzi basi. Ababa atatisiya mu 2019 tinalikokera kumtunda, ndipo kuchokera pamenepo lakhala loikiramo mazira nkhuku.

Mu March muno amalume anabwera ndi kalipentala wa ku boma. Akuti matabwa abwinowo apangire zitseko, zotsalazo amayi awambire nsomba. Sindinama, ndalama yake inali yooneka, komanso mlongo wanga akufunika fizi. Ine ndinagwada n'kupempha kuti andipatse nthawi mpaka pa 1 November. Amalume anati, "Mphwanga, mtembo sudzuka. Koma chabwino. Tsikulo likakwana lisanayandame, macheka alowa, ndipo usadzandilirire." Fizi ya teremu ino ndinavomera kuipeza ndekha.

Ndiye mvetserani chifukwa chake ndauma mutu.

Thanga pa nyanja ino silinabwere ndi azungu. Makolo ankasema mabwato a mtengo umodzi n'kumapalasa. Luso lokhoma matabwa n'kuimika mlongoti linachokera ku gombe la nyanja ya mchere, kudzera m'njira za malonda za ku Kilwa ndi Zanzibar. Cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake za matanga, madau aja, zinkaoloka nyanja. Mfumu Makanjira nayo inali ndi madau ake kumpoto kwathuku. David Livingstone anafika pa nyanja ino mu September 1859, n'kubweranso mu 1861 ndi kaboti kake kamatabwa kamene ananyamulitsa anthu podutsa mathithi a Shire. Pamene anafika ku Nkhotakota mu 1863 anapeza amisiri ali kalikiliki kukhoma dau.

Apa tisanamizane. Madau amenewo sankanyamula mchere ndi nsalu zokha. Ankaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa magoli. Pagulu lino tilipo zidzukulu za ogulitsa, tiliponso zidzukulu za ogulitsidwa, ndipo lero tonse tikukoka chilimira chimodzi. N'chifukwa chake atsamunda atabwera anayamba n'kusaka madauwo. Mu December 1891 Captain Cecil Maguire anapita ndi sitima ya Domira kukatentha madau awiri a Makanjira. Anawatenthadi, koma iye sanabwerere wamoyo. Dzina lija la Fort Maguire mumalimva kumtundaku linachokera pamenepo. Malonda a anthu anatha, ndipo anayenera kutha. Koma luso lokhoma silinathe. Linatsala m'manja mwa amisiri athu, ndipo mpaka lero madau akuyenda pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la Mozambique.

Nanga Malindi akulowa pati? Dikirani.

Sitima yoyamba ya moto, Ilala yakale ija, inalowa m'nyanja muno mu October 1875. Komabe amishoni sanasiye matanga. Pa 2 September 1895 Bishopu Chauncy Maples wa mishoni ya UMCA, atangodzozedwa kumene ku London, anali paulendo wopita ku Likoma pa boti la matanga lotchedwa Sherriff. Atadutsa Monkey Bay namondwe anawapeza usiku, boti n'kugadabuzika. Anyamata apabotipo anasambira n'kufika kumtunda, koma bishopuyo ndi mnzake Joseph Williams anamira. Manda a Maples ali ku Nkhotakota. Ababa ankakonda kunena kuti mwera sufunsa kuti ndiwe bishopu kapena siginala.

Pomukumbukira, mishoni inaitanitsa sitima yachitsulo kwa a Alley & McLellan a ku Glasgow. Inabwera zidutswazidutswa, mitolo 3,481, kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa mathithi zonse zinayenda pamutu. Boyila yokha, yolemera matani 11, anaikoka pa ngolo amuna 450 achingoni. Tsono imvani izi: chidutswa chilichonse anachilemba nambala kuti polumikiza asavutike, koma pokuta zitsulozo ndi mankhwala oletsa dzimbiri manambala aja anakwiririka. Amisiri kwa Mponda anachita kuyeserera chidutswa ndi chidutswa, zaka ziwiri zathunthu, mpaka sitima ya Chauncy Maples inatsikira m'madzi pa 6 June 1901. Kuno ku Malindi n'kumene mishoni inaika malo okonzera sitima zake. Mukamaona St Martin's ndi St Michael's lero, dziwani kuti Malindi wa mishoni anakula ndi phokoso la hamala. Ndife a mudzi wa amisiri, aise.

Sitimayo inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala nthawi imodzi, Archdeacon William Percival Johnson akuzungulira nayo midzi ya m'mbali mwa nyanja. Mu 1953 mishoni inaigulitsa, n'kukhala yophera nsomba. Mu 1967 anaikonzanso kuti izinyamula anthu ndi katundu, n'kuiika injini ya dizilo. Itatopa anaiimika ku Monkey Bay. Mu 2009 bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust linayamba kusonkhanitsa mapaundi 2 miliyoni kuti aisandutse chipatala choyandama. Ntchito inayambika, koma chipatalacho sichinafike pa magombe athu.

Ndikaganiza zimenezi tulo timandithawa. Ngati sitima yachitsulo, yodziwika mpaka ku London, inavuta kudzutsa, nanga boti lamatabwa la msodzi wamba adzalikumbukira ndani? Sitima zili ndi mabuku. Viphya imene inamira pa 30 July 1946 ndi anthu 145 ili ndi chikumbutso chake pafupi ndi nsanja ya wotchi ku boma, pomwe palinso mfuti ya Guendolen. Koma maboti a makolo athu, amene analipira fizi ya theka la aphunzitsi ndi anamwino ochokera kunyanja kuno, amathera pa ng'anjo yowambira utaka. Palibe amene amalemba kuti analipo.

Tsopano za ntchito. Ndinapita kwa agogo ena amene anathandiza kukhoma botili ali mnyamata. Maso anayamba kuchita chifunga koma makutu ali bwinobwino. Sanalione n'komwe boti, anangotenga kahamala n'kumagogoda thabwa lililonse. Likati "ngwe ngwe" ankati lisiye. Likati "phu phu" ankati zula. Panali thabwa lina la penti wonyezimira limene ine ndinkalidalira, iwo analowetsa nsonga ya mpeni ngati m'papaya wakupsa. "Mdzukulu, chikomekome cha mkuyu," anatero. Pa matabwa 22, asanu ndi anayi anali ofa, nthiti zinayi zothyoka. Koma msana wa boti, mtengo wautali wapansi uja, unali wamoyo. Anati msana ukakhala bwino boti silinafe, langodwala.

Ndaphunzira zinthu zimene sindinazimvepo kusukulu. Nthiti sucheka pa thabwa loongoka ayi, umasaka nthambi imene inakula yokhota kale, chifukwa yochita kucheka imathyokera pokhotapo. Thabwa lofuna kupinda umalipaka oyilo wakutha n'kuliwaula pamoto pang'onopang'ono, mbali ina utapanikiza, ina utamangirira mwala. Ukapupuluma limalira kamodzi, ndalama yapita. Ine ndathyola awiri. Misomali yakale suizula mwamphamvu, umaibweza ndi chitsulo kuchokera m'kati kuti bowo lisakule. M'mipata ya matabwa umakhomeramo thonje lonyika m'mafuta, agogowo amati kalafati, kenako phula pamwamba. Ndipo boti likatha sukweramo tsiku lomwelo. Umalimiza dala m'madzi osaya masiku angapo kuti matabwa amwe, atupe, mipata itsekeke yokha.

Chovuta kwambiri ndi mitengo. Ababa mlombwa anaugula pafupi pompano, m'mapiri a kum'mawa kwathuwa. Lero phiri likuoneka ngati mutu wometa, makala anamaliza. Ndayenda mpaka ku Namwera kufunafuna, ndipo matabwa atatu ndachita kugula chitseko chakale cha sitolo n'kuchiphwasula. Onani m'mene zinthu zatembenukira: amalume akufuna boti likhale zitseko, ine ndikusandutsa zitseko kukhala boti. Maboti ambiri atsopano akukhomedwa ndi paini ndi bulugama, zaka zochepa ayamba kumwa madzi, mnyamata mmodzi ntchito yake kukapa basi.

Wina anandifunsa kuti thanga n'la chiyani poti kuli injini. Funsani aliyense wa chilimira kuti pa ndalama ya usiku umodzi petulo amadya zingati, ndiponso masiku angati maboti agona kumtunda chifukwa mafuta asowa pa filing'i. Ababa ankatuluka m'mamawa ndi vuma ikamatsika m'mapiri, n'kubwerera zambwe ikayamba kuomba kuchokera kutsidya. Ankadziwa kuti mwera wa June ndi July suseweretsedwa, ndiponso kuti mpoto ukadetsa kumwamba nthawi ya dzinja umatsitsa thanga usanafunse mnzako. Mphepo sinakwerepo mtengo. Sindikuti tayani injini. Ndikuti tsiku limene injini idzazime kuseri kwa Boadzulu, mudzafuna munthu mmodzi m'botimo wodziwa kumanga nsalu pa nsungwi.

Pamene ndikulemba pano ndi August. Matabwa asanu ndi limodzi alowa, atatu atsala. Nthiti zonse zili m'malo. Mlongoti wa bulugama ukuuma pamthunzi. Chimene chandiimitsa ndi thanga. Agogo aja akuti kudula thanga la nsonga zitatu si kudula nsalu ya zenera, limafunika mimba yoti mphepo ikhalemo, ndipo iwo maso sakuwalolanso kugwira singano. Ndasonkhanitsa matumba a feteleza 30 ochapa bwino, koma wondionetsa kadulidwe ndilibe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ngati kwanu kuli agogo, ambuje kapena amalume amene anasokapo thanga, kaya ali kwa Makanjira, kaya ku Likoma, ndiuzeni pagulu pano, thiransipoti ndilipira ndine. Amene muli ndi thonje lotsala kapena thabwa la mlombwa likungogona kuseri kwa nyumba, musaotche. Loweruka lililonse ndimakhala pansi pa mango paja kuyambira 6 koloko, bwerani mudzagwire hamala, tiyi ndi chinangwa zimakhalapo. Ndipo amene agogo anu akadali moyo, khalani nawo pansi madzulo ano, muwafunse dzina la boti lawo loyamba, analikhoma ndani, ndi mtengo wanji. Mulembe, munditumizire.

Dzulo amalume anadutsa pagombe. Sanayankhule kanthu. Anangogogoda thabwa latsopano ndi chala, n'kuima pang'ono, kenako anandiuza kuti msomali wachitatu ndakhoma mopendama. Ndauzula m'mawa uno.

Tumizani kwa ena a kunyanja.