Minda ya ku Israel: kuchokera kwa ana ophunzira kulima kufika kwa antchito achilendo

Minda ya ku Israel, kumene achinyamata a ku Malawi akhala akupita kukagwira ntchito chiyambire November 2023 pamene gulu la anthu 221 linanyamuka ku Lilongwe, inakhazikitsidwa pa mfundo yosiyana kotheratu ndi zimene zikuchitikako lero. Ambiri mwa amene anaiyambitsa ankakhulupirira kuti Myuda azilima ndi manja ake osalemba waganyu, ndiponso kuti mwana aliyense aphunzire ntchito ya kumunda asanakule, koma masiku ano mbewu zambiri za m'dzikolo zimadzalidwa ndi kukololedwa ndi alendo. Wachinyamata wa ku Manje mumzinda wa Blantyre amene akulingalira zolembetsa, pamodzi ndi makolo ake amene akuyembekezera thandizo, ayenera kudziwa m'mene zinthu zinatembenukira, chifukwa mbiriyi ndi imene ikufotokoza malo amene iye akapatsidwe pafamupo.

Ayuda ambiri amene ankakhala pansi pa ufumu wa Russia sankaloledwa kugula malo olima, motero ankadalira malonda ndi ntchito zaumisiri m'matauni, ndipo pamene ena mwa iwo anayamba kusamukira ku Palestine, dera limene panthawiyo linali m'manja mwa ufumu wa Ottoman, anafika osadziwa ulimi. Sukulu ya zaulimi ya Mikveh Israel, imene Charles Netter anatsegula pafupi ndi Jaffa mu 1870, inali itayamba kale kuphunzitsa anyamata asanafike magulu oyamba othawa chizunzo mu 1882. Minda ya magulu oyambawa, imene inachirikizidwa ndi chuma cha Edmond de Rothschild, inkayenda ngati maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje m'nthawi ya atsamunda, mwini munda akuyang'anira pamene Aluya a m'midzi yoyandikana akulima. Achinyamata amene anafika pakati pa 1904 ndi 1914 anakana dongosolo limeneli, ndipo mu 1910 anakhazikitsa Degania m'mphepete mwa nyanja ya Galileya, kibbutz yoyamba, kutanthauza mudzi umene munda, ziweto, chakudya ndi ndalama zonse ndi za gulu. Mu 1921 panabwera Nahalal, imene inali moshav, mudzi umene banja lililonse limalima gawo lake koma kugula zipangizo ndi kugulitsa zokolola kumachitikira pamodzi.

Mfundo ya ntchito ya manja inaonekera kwambiri pa kaleredwe ka ana. Mu kibbutz ana sankagona kwa makolo awo koma m'nyumba ya ana, momwe ankasamalidwa ndi mayi wotchedwa metapelet, ndipo makolo ankacheza nawo maola ochepa chabe madzulo akaweruka. Pafupi ndi sukulu pankakhala kamunda ka ana kokhala ndi timabedi ta ndiwo zamasamba ndi makola a mbuzi, nkhuku ndi akalulu, ndipo anawo ndi amene ankagawana ntchito yodyetsa ziweto, yosesa m'khola ndi yotolera mazira, aphunzitsi akungowalangiza. Akasinkhuka ankapatsidwa maola ogwira ntchito m'munda waukulu, ndipo patchuthi cha July ndi August, pamene kumatentha kwambiri ndipo zipatso zina zimapsa, magulu a achinyamata a m'mizinda ankabwera ndi atsogoleri awo otchedwa madrich kudzagona m'matenti ndi kuthandiza kukolola. Maphunziro amtunduwu anapulumutsa miyoyo pamene zinthu zinaipa ku Ulaya: mudzi wa achinyamata wa Ben Shemen, umene Siegfried Lehmann anakhazikitsa mu 1927, unayamba ndi ana amasiye ochokera ku Kaunas m'dziko la Lithuania, ndipo bungwe la Youth Aliyah, limene Recha Freier anayambitsa ku Berlin mu 1933, linatulutsa ana zikwizikwi m'manja mwa ulamuliro wa Hitler n'kuwatumiza kumidzi yaulimi, gulu loyamba likufika ku Ein Harod mu 1934.

Mbiri yomweyi ili ndi mbali yowawa imene siyenera kubisidwa. Kukana kulemba waganyu kunatanthauzanso kuchotsa Aluya pantchito, ndipo malo ambiri a m'chigwa cha Jezreel, momwe muli Nahalal, anagulidwa kwa banja la Sursock la ku Beirut, alimi amene ankalima pamalowo n'kusamutsidwa. Pankhondo ya 1948 anthu a ku Palestine oposa 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa, ndipo midzi yambiri yaulimi inamangidwa pamalo amene iwo anasiya.

Dziko la Malawi linatengerako nzeru yophunzitsa achinyamata kudzera m'ulimi ndi mwambo wausilikali, pakuti gulu la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963, linaphunzitsidwa mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel potsanzira magulu a kumeneko a Gadna ndi Nahal. Akuluakulu ambiri a ku Blantyre akukumbukira malo ophunzitsirako apayoniya monga Nasawa ku Zomba, komanso akukumbukira m'mene gululo linasandukira chida choopsezera anthu mpaka asilikali analilanda zida mu December 1993. Boma la Kamuzu Banda silinathetse ubale ndi Israel mu 1973 pamene mayiko ambiri a mu Africa anautaya.

Ku Israel komweko mfundo ya ntchito ya manja inayamba kuzilala itatha nkhondo ya 1967, pamene anthu a ku West Bank ndi Gaza anayamba kulembedwa m'minda pamalipiro otsika. Ngongole zimene zinamanga midzi yambiri cha m'ma 1985 zinachititsa kuti ma kibbutz ambiri ayambe kulipira munthu malinga ndi ntchito yake, nyumba za ana zinatsekedwa, ndipo ana a alimi anatembenukira ku mayunivesite ndi makampani a zamakompyuta. Malire atatsekedwa kwa anthu a ku Palestine mu 1993, alimi anayamba kuitana anthu a ku Thailand, amene pofika 2023 analipo pafupifupi 30,000. Chiwembu cha gulu la Hamas cha pa 7 October 2023 chinapha ena mwa iwo pamodzi ndi ophunzira zaulimi awiri a ku Tanzania, anthu ambiri a ku Thailand anabwerera kwawo, ndipo mpata umene unatsalawo ndi umene Amalawi anaitanidwa kudzatseka, m'chaka chimene namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Manje ndi Chilobwe ndipo kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Timinda ta ana tikadalipo, ndipo patchuthi ana amabwerabe kudzadyetsa mbuzi, koma ntchito yowaphunzitsa ndi ya achinyamata olankhula Chiheberi. Malo a mlendo ali m'nyumba za pulasitiki zolimamo mbewu monga za kuchipululu cha Arava, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, ntchito imayamba m'bandakucha, ndipo munthu amayenda m'mizere ya tsabola ndi tomato akumangirira mitengo yake kuzingwe, akuthyola zakupsa, akuonanso ngati timapaipi todontheza madzi patsinde sitinatsekeke. Chiphaso chimene amapatsidwa ndi cha ntchito ya kumunda yokha, n'chifukwa chake Amalawi 12 amene anachoka m'mafamu kukagwira ntchito ina anabwezedwa kumudzi mu May 2024. Aliyense wofuna kupita afunse dzina la mudzi umene akukagwirako ntchito, kutalika kwake ndi malire a Gaza kapena Lebanon, ngati pali chipinda chobisalamo mabomba, ndi ndalama zimene zizidulidwa pamalipiro, ndipo asasaine mgwirizano umene sanauwerenge m'chiyankhulo chimene amamva.